Kodi kuphunzitsa pa intaneti si kuwabera ophunzira?

Funso: Ndalembedwa ntchito chaka chino yophunzitsa pa yunivesite ina kuno kwathu. Akuluakulu atiuza kuti kuyambira semesita ikubwerayi kosi iliyonse izikhala yosakaniza, mbali ina m'kalasi, mbali ina pa intaneti. Mtima wanga sukuvomera. Ine ndinaphunzira pamaso pa aphunzitsi, ndipo ndikuona ngati tikufuna kuwabera ana amene makolo awo akuvutikira fizi. Ambiri alibe laputopu, bandulo ndi yodula, magetsi amathimathima. Ndamva kuti inu mumaikira kumbuyo kaphunzitsidwe kameneka. Chifukwa chake n'chiyani, nanga ine ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi anzanga, takulandirani pa ntchito. Nkhawa yanuyo musaitaye, chifukwa ikuchokera pabwino. Mukuganizira mwana amene bambo ake agulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti fizi ikwane. Ine ndimaikiradi kumbuyo kaphunzitsidwe kosakaniza, ndipo amene anandifikitsa pamenepo ndi mwana yemweyo.

Tikumbutsane kaye za kalasi imene mukuitchula kuti ya pamaso pa aphunzitsi. Ndikunena ya chaka choyamba, mu holo yaikulu ija. Ofika mochedwa amaima kumbuyo, ena amasuzumira pa windo. Mphunzitsi ali kutsogolo uko, mawu ake amathera pa mizere yoyambirira, kwa otsalawo n'kungoona milomo ikugwedezeka. Maola awiri athunthu iye akuwerenga kapena kulemba pa bolodi, inu mukuthamangitsa cholembera kuti musatsalire. Mukaphonya chiganizo chimodzi, chapita. Pomaliza amafunsa ngati pali funso, holo yonse n'kungoti zii. Madzulo mumakabwereka kope la mnzanu amene anakhala kutsogolo kuti mutseke mipata. Ambiri tinadutsa m'menemo ndipo tinakhoza, koma tiuzane zoona. Pa maola awiri aja, munalandira chiyani chimene pepala silikanakupatsani? Lero ena mwa ophunzira anu akukhala m'nyumba za lendi kutali ndi sukulu, ndipo amalipira kabaza kapena minibasi kuti adzakopere manotsi. Ngati pali kubera, ine ndimakuona pamenepo.

Katswiri wa maphunziro a patali, Michael G. Moore wa ku yunivesite ya Penn State ku America, anaphunzitsa kuti mtunda weniweni pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira suyezedwa ndi makilomita. Umakula pamene kukambirana kwachepa. Mwana amene ali pa mzere womaliza mu holo, amene dzina lake simukulidziwa ndipo sadzatsegula pakamwa mpaka semesita kutha, ali kutali ndi inu kuposa wophunzira amene ali ku Chitipa koma wakulemberani funso dzulo ndipo mwamuyankha lero m'mawa.

Chikhulupiriro changa chonse pa kaphunzitsidwe chagona pa mfundo imodzi. Nthawi imene mphunzitsi ndi ophunzira ali m'chipinda chimodzi ndi chuma chodula kuposa china chilichonse pa yunivesite, choncho isamathere pa ntchito imene foni kapena pepala zingagwire. Chimene chingathe kunyamulidwa, monga manotsi, matanthauzo a mawu ndi kufotokoza koyamba, chinyamulidwe, mwana akachione pa nthawi yake. Chimene chimafuna anthu kuonana maso ndi maso, monga kutsutsana, kulakwitsa n'kukonzedwa pomwepo, kugwira chipangizo ndi manja, ndicho chipatsidwe maola a m'kalasi. Intaneti sindiikonda chifukwa choti ndi yatsopano ayi. Ndimaikonda chifukwa imandibwezera kalasi yanga.

Nkhani imene inanditsegula maso ndi ya Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard. Ophunzira ake ankamuyamikira kuti amafotokoza momveka, ndipo mayeso ankakhoza. Cha m'ma 1990 anawapatsa mayeso a mtundu wina, opanda masamu ovuta, ongofuna kuona ngati akumvetsa mfundo zenizeni, monga za mphamvu imene galimoto yaikulu ndi yaing'ono zimakankhana nayo zikawombana. Anadabwa kuona kuti ambiri mwa ana anzeruwo ankangoloweza njira zosovera masamu, mfundo yake osaigwira. Tsiku lina anafotokoza funso limodzi mobwereza, nkhope za ana zili chikhalire zosokonezeka. Atasowa chochita anawauza kuti aliyense akambirane ndi woyandikana naye. M'mphindi zochepa chabe, chimene iye analephera kufotokoza chinamveka. Chifukwa chake ndi chosavuta kumvetsa. Mwana amene wangoimvetsa kumene mfundo amakumbukira pamene anapunthwa, pomwe ife amene tinaimvetsa zaka zambiri zapitazo tinaiwala kuti panali chopunthwitsa. Kuchokera pamenepo Mazur anayamba kuwapatsa ophunzira zowerenga asanabwere, ndipo m'kalasi ankangoponya mafunso, ana n'kumasankha yankho, kukambirana, n'kusankhanso.

Zimenezi sizinathere ku Harvard. Mu 2014 Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 pa makosi a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Kumene mphunzitsi ankangoyankhula yekha, pafupifupi ophunzira 34 pa 100 aliwonse ankalephera kosi. Kumene ophunzira ankagwira ntchito m'kalasi, olephera anali pafupifupi 22 pa 100. Taganizirani kusiyana kumeneko pa kalasi yanu ya chaka choyamba, muwerenge kuti ndi ana angati amene sakanalemba mayeso obwereza a sapu, ndi angati amene sakanachotsedwa sukulu n'kubwerera kumudzi ndi manyazi.

Tsono kuti nthawi yokambiranayo ipezeke, manotsi ayenera kutuluka m'kalasi, ndipo apa ndi pamene intaneti imalowera. Lipoti limene unduna wa zamaphunziro ku America unatulutsa mu 2009, lolembedwa ndi Barbara Means ndi anzake, linapeza kuti ophunzira a m'makosi osakaniza ankachita bwino kuposa a m'kalasi mokha. Olembawo anachenjeza okha kuti ubwinowo usawerengedwe ngati matsenga a kompyuta, popeza m'makosi osakanizawo ophunzira ankakhala nthawi yochuluka pa phunziro ndipo ankapatsidwa zochita zambiri. Chenjezo limeneli ndimalikonda kuposa zotsatira zake. Makina saphunzitsa munthu. Chimene chimaphunzitsa ndi mmene mwaikonzera sabata ya wophunzira.

Ndikuuzeni mmene sabata imayendera mu kosi yanga ya ziwerengero. Lachisanu ndimaika zinthu zitatu pa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yoikapo maphunziro, n'kuzitumizanso pa gulu la WhatsApp la kalasi: masamba anayi kapena asanu oti awerenge, mauthenga a mawu awiri afupiafupi ofotokoza malo amene ndikudziwa kuti ana amapunthwapo, ndi mafunso asanu oti ayankhe pofika Lolemba madzulo. Funso lachisanu silisintha, limati, "Pa zimene mwawerenga, n'chiyani chimene sichinamveke?" Mafunsowa ali ndi malikisi ochepa, ongokwanira kuti munthu asaone ngati akugwira ntchito pachabe. Lolemba usiku ndimawerenga mayankho, ndipo ndikamalowa m'kalasi Lachiwiri ndimakhala ndikudziwa kale pamene pali chilonda.

M'kalasimo sindibwerezanso zimene awerenga. Mukabwereza kamodzi kokha chifukwa cha chifundo, mwawaphunzitsa kuti kuwerenga n'kosafunika, ndipo sabata yotsatira sawerenganso. Ndimalemba funso pa bolodi. Mwachitsanzo: m'mudzi wina muli mabanja 10. Mabanja 9 amapeza K50,000 pa mwezi, limodzi lili ndi chigayo ndi galimoto ndipo limapeza K2,000,000. Munthu wina walemba lipoti kuti banja la m'mudzimo limapeza K245,000 pa mwezi. Kodi wanama? Aliyense amaonetsa yankho lake ndi zala pachifuwa, kuti asaonere kwa mnzake, ndipo pamenepa sipafunika foni kapena magetsi. Kalasi ikagawikana ndimati, "Pezani wina amene wayankha mosiyana ndi inu, mumukope." Phokoso limene limabuka pamenepo ndi limene ndimadzukira m'mawa. Wina akuti masamu ndi olondola, wina akuti m'mudzimo mulibe banja ngakhale limodzi lopeza ndalama imeneyo, wachitatu akufunsa kuti boma likadalira lipotilo pogawa thandizo zitha bwanji. Ndikamabwera kudzanena za kusiyana kwa avereji ndi nambala ya pakati, amakhala aimva kale njala yake, ndipo saiwalanso.

Pali mphatso zina ziwiri zimene sindinkayembekezera. Yoyamba ndi ya chiyankhulo. Ana athu amaphunzira m'Chingerezi chimene sichiyankhulidwa kunyumba kwawo, ndipo mphunzitsi akamathamanga m'kalasi, mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri pa nthawi imodzi, mawu ndi mfundo. Uthenga wa mawu atha kuuimitsa, kuubweza, kuumvera kachitatu akuchapa zovala. Nthawi zina ndimaonjezera chitsanzo m'Chichewa, koma ndimachilembanso m'Chingerezi pokumbukira kuti m'kalasi muli a Chitumbuka, Chiyawo, Chingonde ndi ena ochokera kunja. Yachiwiri ndi ya anthu amanyazi. Akulu anati safunsa anadya phula, koma holo ya anthu mazana ambiri ndi imene imapanga asafunsa. Mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi sangaimike dzanja pamaso pa anzake a m'tauni oyankhula Chingerezi chosalala. Mukamupatsa mwayi wolemba, amafunsa, ndipo kawirikawiri funso lake ndi limene limakhala lakuya kuposa onse. Ndimaliwerenga m'kalasi osatchula dzina, n'kunena kuti ili ndi funso labwino. Pakapita masabata angapo mumamuona akuyamba kuyankhula.

Tsopano ku nkhawa yanu yaikulu, ya laputopu, bandulo ndi magetsi. Apa mukunena zoona zokhazokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mphunzitsi wokonza kosi ngati kuti mwana aliyense ali ndi laputopu ndi netiweki yosaduka akuwalakwira ana osauka, ndipo ameneyo ndingamutsutse pamodzi ndi inu.

Lamulo langa ndi lakuti kosi ndimaikonzera mwana amene ali ndi foni yotsika mtengo, ya galasi losweka, yodzadza msanga, amene amatchajitsa pa shopu ndipo amagula bandulo ya tsiku limodzi. Zikamuyendera ameneyo, ena onse ziwayendera. Ndiye chifukwa chake sindiphunzitsa pa Zoom kuti aliyense alowe pa ola limodzimodzi. Ola limodzi la vidiyo yotere limadya mamegabaiti mazana angapo, ndipo netiweki ikaduka phunziro lapita, ngati mmene chinkapitira chiganizo mu holo muja. Uthenga wa mawu wa mphindi 10 sufika ngakhale mamegabaiti 5, ndipo ukalowa m'foni wakhala. Zonse za sabata ndimazitumiza tsiku limodzi lodziwika, kuti mwana agule bandulo kamodzi kapena adawunilode pa Wi-Fi ya pasukulu asanapite kogona. Mmodzi akakhala nazo, anzake amapatsirana pa Bluetooth kapena Xender popanda kulipira kanthu. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kusunga zinthu n'kumaziwerenga popanda netiweki, ndipo muwaonetse mmene zimachitikira pa tsiku loyamba, musaganize kuti poti amadziwa Facebook ndiye kuti akudziwanso zimenezi. Kwa amene alibiretu foni yotere, ndimasiya mapepala osindikiza kwa mtsogoleri wa kalasi ndi ku layibulale, ndipo mafunso asanu aja atha kuyankha pa pepala. Nthawi yoperekera ntchito ndimapereka ya masiku, osati ya maola, kuti kuthima kwa magetsi kwa usiku umodzi kusamudyere munthu malikisi.

Vidiyo ndimajambula pokhapokha pamene pali chofunika kuona ndi maso, monga kajambulidwe ka girafu, ndipo imakhala yaifupi. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anaunika mmene anthu ankaonera mavidiyo a maphunziro pa edX, tsamba la makosi a pa intaneti, maulendo pafupifupi 6.9 miliyoni, ndipo anapeza kuti chidwi chimagwa vidiyo ikapitirira mphindi 6. Musajambule phunziro la maola awiri n'kuliponya pa intaneti. Imeneyo ndi holo yomwe ija, kungoti tsopano mwana akuilipirira bandulo.

Musaiwale ophunzira osaona ndi osamva. Tsamba la buku lojambulidwa ndi kamera ndi chithunzi chabe, pulogalamu yowerengera anthu osaona siingaliwerenge, choncho tumizani mawu otaipa. Uthenga wa mawu uliwonse ukhale ndi mfundo zake zolembedwa. Mukachita zimenezi kuyambira pachiyambi, kosi yosakaniza imawakomera anzathuwa kuposa bolodi limene sankaliona n'komwe.

Ndikuganiza kuti mbali ina ya mantha anu ikuchokera ku 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, tinachita zimene tikanatha. Manotsi anathiridwa pa WhatsApp ngati chimanga pa mphasa, ana ena ankakwera pa chulu kusaka netiweki, ena anangosowa mpaka sukulu zitatsegulidwa. Mwezi womwewo akatswiri ena ku America, motsogozedwa ndi Charles Hodges, analemba kuti zimene zinkachitikazo zizitchedwa kuphunzitsa kwa pangozi, zisasokonezedwe ndi kosi ya pa intaneti imene imakonzedwa kwa miyezi ingapo isanayambe. Chisakasa chomangidwa mvula ili mkati sichingatiuze ngati nyumba ya njerwa imadontha. Komanso ngozi sizinathe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsekanso sukulu m'chigawo cha kummwera. Kalasi imene inazolowera kale kulandira ntchito pa foni siimiratu zikatere.

Ngakhale ndi choncho, sindine wa gulu limene limati makalasi athe, zonse zipite pa intaneti. Mu 2011 aphunzitsi awiri a ku Stanford, Sebastian Thrun ndi Peter Norvig, anatsegula kosi yaulere pa intaneti ndipo analembetsa anthu pafupifupi 160,000. Ambiri anaganiza kuti mayunivesite atha. Koma amene anamaliza anali pafupifupi 23,000, ndipo m'makosi ambiri a mtundu umenewu amene anabwera pambuyo pake omaliza sankafika 10 pa 100. Di Xu ndi Shanna Jaggars, ataunika makoleji a boma ku Washington State, anapeza kuti ophunzira ankachita moperewera pa makosi a pa intaneti pokhapokha, ndipo ovutika kwambiri anali achichepere ndi amene anali kale ofooka m'maphunziro. Zimenezi sizindidabwitsa. Kuphunzira wekha kumafuna munthu wodziwa kudzilamulira, ndipo mwana amene wangochoka ku Fomu 4, kumene belu ndi limene linkamuuza chochita, sanafike pamenepo. Amafuna kuona nkhope ya mphunzitsi, amafuna anzake omufunsa kuti dzulo anali kuti. Kwa a chaka choyamba, mbali ya maso ndi maso ikhale yaikulu, ndipo muzichepetsa pang'onopang'ono akamakhwima. Za labu, za ku wodi, za kumunda ndi zokaphunzitsa ku sukulu sizikambidwanso, zimenezo zimafuna manja.

Pali anthu ena amene kwa iwo funso si lakuti kalasi kapena intaneti, koma intaneti kapena kusaphunzira konse. Mphunzitsi wa ku sekondale amene ali ndi dipuloma, ana anayi ndi amayi okalamba sangasiye malipiro kuti akakhale ku hositelo zaka zinayi. Chimodzimodzi namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kapena mayi amene anasiyira panjira atabereka. Chaka ndi chaka ana ambiri amakhoza bwino MSCE koma malo m'mayunivesite a boma sawakwanira. Kwa onsewa, maphunziro a patali otchedwa ODeL, monga amene amaperekedwa ku Mzuni, ku LUANAR ndi ku Domasi, kumene munthu amabwera kwa masabata ochepa n'kukapitiriza ali kwawo, ndiwo khomo. Ndipo khomo limeneli si lachilendo kwa ife. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, n'kudzakhala Malawi College of Distance Education (MCDE), ndipo akuluakulu ambiri amene timawalemekeza lero anaphunzira ndi timabuku tobwera pa positi ndi maphunziro a pa wailesi. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa yakhala ikuphunzitsa anthu a patali kuyambira 1946, ndipo Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo kumeneko mu 1989 ali m'ndende. Open University ya ku Britain inalandira ophunzira oyamba mu 1971, ikuphunzitsa kudzera pa positi ndi pa wailesi ndi kanema wa BBC. Ngakhale Moodle imene akuluakulu anu akukuuzani kuti mugwiritse ntchito inalembedwa ndi Martin Dougiamas, amene anakulira m'chipululu cha ku Australia n'kumaphunzira pulayimale kudzera pa wailesi, mphunzitsi ali kutali makilomita mazana ambiri. Anaitulutsa mu 2002, yaulere. Wophunzira akakufunsani ngati digiri yotere ndi yeniyeni, muuzeni aone ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji. Kulemera kwa pepala kwagona pamenepo ndi pa zimene mwini wake angathe kuchita.

Za kubera mayeso ndinena mwachidule. Likasa linalipo intaneti isanabwere, ndipo kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ntchito iliyonse yokalembera kunyumba, ya kosi yosakaniza kapena ayi, itha kulembedwa ndi makina. Mayeso aakulu azilembedwabe m'chipinda, pamaso pa oyang'anira. Ntchito ya kunyumba muziimangirira ku zinthu zimene mwana ayenera kukaziona yekha, monga mitengo ya tomato pa msika wa kwawo kwa masabata atatu, ndipo muzisankha ena mwa apo ndi apo kuti afotokoze ntchito yawo ndi pakamwa kwa mphindi zitatu. Amene sanalembe yekha amadziwika pa funso lachiwiri.

Walira mvula walira matope, choncho ndisakubisireni matope ake. Semesita yoyamba ntchito imachuluka kuposa kungonyamula manotsi akale n'kukawerenga. Ophunzira ena adzadandaula kuti simukuphunzitsa, chifukwa anazolowera kuti kuphunzitsa ndi kuyankhula kwa mphunzitsi. Afotokozereni pa tsiku loyamba chifukwa chimene mukuchitira zimenezi, ndipo mubwereze pa sabata yachitatu pamene kudandaula kumakula. Foni yanu idzafuna kukulandani tulo, choncho nenani poyera maola amene mumayankha, ndipo muziwasunga. Chimene chimapha kosi ya pa intaneti ndi chete wa mphunzitsi. Mwana akalemba funso n'kukhala sabata yathunthu osayankhidwa, sadzalembanso. Kuyankha kwa mphindi 20 tsiku lililonse kumaposa kwa maola atatu kamodzi pa mwezi. Mafunso a phunziro aziyankhidwa pa gulu kuti onse apindule, ndipo izi zimatetezanso inu ndi ophunzira, makamaka atsikana, ku macheza a mseri a usiku amene aononga mbiri ndi miyoyo ya anthu m'masukulu. Malikisi a munthu musawaike pa gulu.

Kwa akuluakulu anu muli ndi ufulu wofunsa mafunso, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Ngati kusakaniza kukutanthauza kuti alembe ophunzira owirikiza kawiri, aphunzitsi omwewo, maola a m'kalasi n'kudulidwa popanda choikapo, ndiye kuti nkhawa yanu yakwaniritsidwa, ndipo muyenera kunena pa msonkhano wa dipatimenti. Funsani ngati Wi-Fi imafika ku mahositelo ndi malo amene oyendera amakhala podikira kalasi, ndi ngati pali masoketi okwanira otchajira. Mayunivesite athu ali ndi bungwe lawo la MAREN loona za intaneti ya maphunziro ndi kafukufuku, choncho funsani a ICT kuti sukulu yanu ikupindula nalo motani. Funsaninso ngati maola amene mumathera pokonza zinthu ndi kuyankha ophunzira pa intaneti akuwerengedwa pa ntchito yanu, chifukwa ntchito yosawerengedwa imayamba kusiyidwa anthu akatopa.

Poyambira penipeni ndi apa. Pa tsiku loyamba gawani timapepala, osalemba maina, aliyense ayankhe kuti ali ndi foni yotani, amatchaja kuti, amakhala kutali bwanji ndi sukulu, ndipo pa sabata angakwanitse bandulo ya ndalama zingati. Mayankho amenewo ndi amene akuuzeni kukula kwa zinthu zimene mungatumize. Kenako musasinthe kosi yonse. Sankhani mitu itatu imene mukudziwa kuti ana amalephera kwambiri pa mayeso, imeneyo yokha muikonzere zowerenga, mauthenga a mawu ndi mafunso a m'kalasi, ina yonse muiphunzitse mmene mukudziwira, n'kumangoika manotsi ake pa Moodle. Pemphani mphunzitsi mnzanu adzakhale kumbuyo tsiku limodzi kuti akuuzeni amene akuyankhula ndi amene akungokhala. Semesita ikatha, ikani mayankho a ana pa mitu itatu ija pambali pa a chaka chatha, muwawerenge modekha, ndipo mundilemberenso kuti tidzaone limodzi mitu itatu yotsatira.